Loweruka Limene Mayi Fanny Anakagwada M'matope

Mayi Fanny Namakhwa si munthu wokonda masewera. Mukawafunsa amanena mosapsatira kuti miyendo yawo inathamanga kale mokwanira m'makhonde a chipatala, ndipo saona chifukwa choti munthu wamkulu, wandevu zake, azithamangitsa kampira ngati kamubera kanthu. Iwo ndi nesi. Ntchitoyi anayiyambira ku Zomba ali mtsikana, ndipo mu 2004 anafika ku Glasgow ndi sutikesi imodzi komanso juzi la pa kaunjika limene ankaganiza kuti lithana ndi kuzizira kwa kuno. Silinathe. Zaka zoyamba anakhala ku Sighthill, pamwamba zedi m'nyumba zazitali zija anazigwetsa, kumene mphepo inkalira pawindo ngati munthu wotsekeredwa kunja. Pano amakhala ku Govanhill, pamwamba pa shopu yogulitsa therere ndi nthochi zophika. Amagwira ntchito mu wodi ya okalamba, maola khumi ndi awiri pa tsiku, ndipo odwala amawaopa sabata yoyamba yokha. Ikatha sabatayo amayamba kukana kumwa mankhwala kwa wina aliyense kupatula iwowo.

Amuna awo, a Spencer, anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale ku Phalombe. Anatsatira patapita zaka zitatu, atamugwira padzanja mwana wawo Tisunge. Kuno mapepala awo a uphunzitsi sanapite nawo patali, choncho analowa ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo akadali komweko. Kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo. Kunyumba, chaka ndi chaka, mawu awo ankanka nachepa. Tisunge atapeza ntchito ku Aberdeen n'kusamuka, a Spencer anangokhala munthu wa mpando wa pawindo: kuweruka, kudya, kuyang'ana mabasi akudutsa, kukagona. Kenako dokotala anawapeza ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

"Dzukani muziyendako, bambo a Tisunge," anatero Mayi Fanny nthawi imeneyo. "Odwala anga andikwana kuntchito. Sindikufuna wina pakhomo."

Iwo ankatanthauza kuzungulira ku Queen's Park kawiri pa sabata, ngati mmene amachitira anthu aulemu wawo. Koma kuntchito kwa a Spencer kunali mzungu wina wokonza mapaipi ndi magetsi, dzina lake Rowland, mbadwa ya mu Glasgow momwemu, amene ankatsogolera timu ya besibo. Inali timu ya anthu ongodzikondera masewerawo, osalipidwa, ndipo inkaperewera anthu sabata iliyonse. Tsiku lina a Spencer, bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, analowa m'nyumba atanyamula chibonga chosalala, golovesi yachikopa ya dzanja limodzi yaikulu ngati lichero, ndi buluku loyera lothina m'miyendo.

Mayi Fanny anafunsa kuti masewerawo amayenda bwanji. Atawafotokozera, kuti wina amaponya kampira, wina n'kukamenya ndi chibonga, n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi, iwo anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Amenewo si maraundasi? Tinkasewera ife atsikana kuseri kwa kalasi ndi chikulunga cha majumbo. Inu a hedimasitala mukanatiwona mukanatithamangitsa ndi ndodo."

"N'zosiyana, mayi a Tisunge. Izi zili ndi malamulo."

Malamulowo anadzaza m'nyumba. Pa chakudya a Spencer ankayala supuni ndi botolo la mchere kuti afotokoze amene amaima pati. M'khonde munasweka galasi la nyali. Munthu amene kwa zaka khumi ankayankha ndi mutu tsopano sankatseka pakamwa, ndipo zonse zimene ankalankhula zinali zosamveka. Shuga anatsika ndithu, zimenezo Mayi Fanny sakana, poti ndi iwo amene amayeza. Koma kukaonerera ankakana. Chilimwe chonse choyamba a Spencer ankangokhala pa benchi, ndiye panalibe chokaona. Chilimwe chachiwiri, mu Julayi, anthu atatu a timuyo anapita kutchuthi sabata imodzi, ndipo Rowland analemba dzina la a Spencer pa mndandanda wa oyamba masewera.

"Loweruka lino mubwere," anatero a Spencer. Sananene mokweza. Anali akupukuta golovesi yawo, osawayang'ana akazi awo kumaso. "Anzanga akazi awo amabwera."

Linali Loweruka loyamba lopuma la Mayi Fanny m'masabata asanu. Anali atapangana kale ndi mayi wina wa ku Gorbals kuti akawaluke tsitsi, ndipo masana ankafuna kungotambasula miyendo pa sofa. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Pali pokhala?"

"Pokhala palipo."

Anaimitsa za tsitsi zija. Anaimbira Mayi Theresa, mnzawo wa ku Mvano, mayi wamasiye wosangalala amene sakana ulendo uliwonse, ngakhale wa kumaliro a munthu wosamudziwa. Mayi Theresa anavomera asanamve n'komwe kuti akupita kuti.

Kunacha Loweruka kuli mvula. Sinali mvula yamphamvu, inali ija ya ku Glasgow yooneka ngati utsi, imene umati ndingodutsamo, n'kupezeka kuti yakulowa mpaka m'mafupa. Mayi Fanny anasuzumira pawindo mtima uli mbee, poganiza kuti Mulungu wawamvera chisoni.

"Ndiye alepheretsa, eti?"

"Rowland wati isiya cha m'ma leveni," anayankha a Spencer, atavala kale buluku loyera lija. Ananyamula chikwama n'kutsogola, ati akathandize kukonza bwalo.

Mayi Fanny anali ataonapo besibo pa TV ya mu wodi: chibwalo chachikulu, mipando ya mizeremizere, denga, anthu akudya atakhala. Choncho anavala ngati munthu wopita pagulu. Anavala diresi la chitenje chatsopano chimene mlamu wawo anatumiza kuchokera ku Limbe, nsapato zachikopa zopita nazo kutchalitchi, ndi jekete lopepuka. Anakazinga mandasi, anathira tiyi mu fulasiki. Mayi Theresa anafika atavala duku lofiira ndi ambulera yamaluwa.

Anakwera basi yoyamba mpaka m'tauni. Yachiwiri, yopita kummawa kwa mzinda, inawadutsa akuyiona, ndipo anadikira ina mphindi makumi awiri pa siteji yopanda denga. Atatsika analowera geti lolakwika la paki. Anafunsa bambo wina woyendetsa galu kuti bwalo la besibo lili kuti, bamboyo anawayang'ana ngati amufunsa njira ya ku Nsanje. Wachiwiri anawalozera kumene ana amasewera pa katungwe. Anadula pa kapinga, ndipo nsapato za kutchalitchi zija zinayamba kulira kuti fwa, fwa, madzi akutuluka m'mbali. Mphepo inabwera kamodzi n'kutembenuza ambulera ya Mayi Theresa, mawaya onse m'mwamba ngati miyendo ya nkhuku yakufa.

"Ayi, koma tafika pafupi," anatero Mayi Theresa mosangalala. "Taonani uko, anthu ovala zoyera."

Mayi Fanny anaima. Kutsogolo kwawo kunali dambo. Pakona pake panali mpanda wa waya wautali, chikontena chachitsulo chosungiramo katundu, ndi benchi imodzi yathabwa, yonyowa, imene wina anali atayikapo kale zikwama. Denga panalibe. Oonerera anali atatu: mayi wina wachizungu wokhala pa mpando wopinda umene anabwera nawo yekha, atadzikulunga m'chijasi chofika kumapazi, mkulu wina wa ndudu, ndi galu wa mkuluyo.

"Pokhala paja ndi pamenepa?" anafunsa Mayi Fanny, osafunsa munthu aliyense.

Nthawi inali itadutsa kale leveni koloko, mvula osasiya, masewera osayamba. Amuna akuluakulu khumi ndi asanu ndi atatu anali balalabalala m'bwalomo, kulimbana ndi madzi. Ena ankatunga ndi zidebe m'zithaphwi. Ena ankathira mchenga. Wina anagwada n'kumamwetsa madzi ndi chisiponji, kufinyira mu ndowa, kubwerezanso, mvula ikubwezera pomwepo. Ndipo pakati pawo, atagwira chikolopa ndi manja awiri, akukankha madzi mwaluso ngati anabadwa nacho, panali a Spencer.

Mayi Fanny anawayang'ana nthawi yaitali. Zaka makumi atatu ndi chimodzi za ukwati, munthu ameneyu sankadziwa kumene chikolopa chimakhala m'nyumba mwake.

"Mayi Theresa, mukuona zimene ndikuonazi?"

"Akukolopa bwino, abale."

"Akukolopa dambo."

A Spencer atawaona anathamanga, nkhope yonse mano okhaokha. Kumbuyo kwawo kunabwera Rowland, chimunthu chofiira ndevu, madzi akuchucha pa chipewa. Anawagwira chanza Mayi Fanny mwamphamvu n'kuyamba kulankhula Chingelezi chake cha mu Glasgow, chija chotuluka ngati mtedza ukukazingidwa. Zaka makumi awiri za mu wodi zinawaphunzitsa Mayi Fanny kuchimva. Ankati asadandaule, kamvula aka si kanthu, kasiya posachedwa, ndipo Spensi ndi munthu wofunika kwambiri pa timu. Anatero akuwamenya a Spencer pamsana.

Spensi. Mkulu wa mpingo, munthu amene ku Phalombe makolo ankavula chipewa akakumana naye panjira. Mayi Fanny anadikira kuti amuna awo akwinye nkhope. Iwo anangoseka, n'kubwezera kumumenya Rowland paphewa.

Masewera anayamba itakwana wani koloko. Amayi awiriwo anasuntha zikwama n'kukhala kumapeto kwa benchi, atayala jumbo, atafunda jekete limodzi kumutu. Timu ya a Spencer ndi imene inayamba kugwira mpira, inayo ikumenya, ndipo iwo anatumizidwa kutali, kumapeto kwenikweni kwa dambo kudzanja lamanja, kufupi ndi mitengo. Kumeneko anaima. Anawerama pang'ono, manja pa mawondo. Anaweramuka. Anakonza chipewa. Anaweramanso.

"Ayamba liti kusewera?" anafunsa Mayi Theresa patapita mphindi makumi awiri.

"Akuti akusewera kumene."

Pafupi ndi mpanda, mnyamata wamtali ankaponya mpira, wachibonga osamenya, woyimbira masewera wovala chigoba kumaso n'kukuwa mawu amodzi. Aponyenso, akuwenso. Nthawi zina onse ankasiya n'kuyamba kupukuta mpira ndi thaulo. Mayi Theresa anaganiza zoti azingowomba m'manja aliyense akamenya, ndipo anaimba nthungululu yaikulu pamene munthu wa timu ina anamenya mpira wopita kutali. Mayi wa pa mpando wopinda uja anatembenuka n'kuwauza mwaulemu kuti amenewo ndi adani.

Mpira umenewo unapita kwa a Spencer. Unakwera m'mwamba mu utsi wa mvula uja, ndipo Mayi Fanny anawaona amuna awo akuthamangira kutsogolo, kenako kumbuyo, kenako kuima atatukula golovesi ngati akupempha dalitso. Mpira unagwa mapazi asanu kumbuyo kwawo n'kudzikwirira m'matope, osadumpha n'komwe. Anthu awiri a timu ina anazungulira ngodya zonse a Spencer akuufukula.

"Osadandaula, Spensi!" anakuwa Rowland.

Tiyi wa mu fulasiki anatha. Mandasi anafewa ndi chinyezi, ndipo galu uja anadya awiri pamene Mayi Theresa ankafuna kumusisita. Madzi ankatsika pa jekete n'kulowa m'khosi mwa Mayi Fanny, kutsetsereka msana wonse. Chimbudzi chinali kutsidya lina la paki, ndipo Mayi Fanny atayenda ulendo wonsewo anapeza chokhoma. Pobwerera ankawerenga m'mutu zimene akanakhala atachita pofika nthawi imeneyo: tsitsi likanakhala litatha theka, miyendo ili pa mpando, mayi wa ku Gorbals akuwauza nkhani za anthu.

Atafika pa benchi Mayi Theresa anawakoka dzanja. "Fulumirani, ndi nthawi yawo! Apatsidwa chibonga!"

A Spencer anaima pamalo omenyera mpira atavala chipewa cholimba chimene chinkawatsikira m'maso. Anagwedeza chibonga kawiri monga ankachitira m'khonde kunyumba. Woponya wa timu inayo anali mnyamata wa msinkhu wa Tisunge, wa mapewa ngati chitseko. Anaponya. A Spencer anazungulira thupi lonse, mpira uli kale m'manja mwa wogwira kumbuyo. Anaponyanso, chimodzimodzi, ndipo ulendo uno anatsala pang'ono kugwa. Mayi Fanny anapezeka kuti agwira bondo la Mayi Theresa. Kachitatu mpira wonyowa uja unamupulumuka mnyamatayo m'dzanja, unabwera mokhota, n'kuwamenya a Spencer pa chiuno kuti phu! Phokoso lake linamveka mpaka pa benchi.

Mayi Fanny anaimirira, jekete n'kugwa pansi. "Iwe! Ukufuna kundiphera munthu? Ndi msinkhu wako ameneyo?" Zinatuluka m'Chichewa, koma mnyamatayo anamva ndithu, chifukwa anatukula dzanja kupepesa.

Chimene chinawasokoneza n'choti timu yonse ya a Spencer inkawomba m'manja ndi kukuwa mokondwa. A Spencer anataya chibonga n'kuyamba kutsimphina kupita pa ngodya yoyamba, akumwetulira ngati apambana mayeso. Rowland anabwera pa mpanda kudzafotokoza kuti zimenezi n'zabwino kwambiri: munthu akamenyedwa ndi mpira amapatsidwa ngodya yoyamba ulere, ndipo aka kanali koyamba kuti Spensi afikepo chiyambire.

"Ndiye kuti pa masewera anuwa, mwamuna wanga chimene amatha ndi kumenyedwa?"

Rowland anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti, pakadali pano, inde.

Wotsatira anamenya mpira wokwawa, ndipo a Spencer anafika pa ngodya yachiwiri akupuma ngati pampu ya njinga. Kenako Rowland mwiniwake anatenga chibonga. Anaumenya mpira uja mpaka unapita ku mitengo, ndipo bwalo lonse linayamba kukuwa dzina limodzi. A Spencer anathamanga. Mayi Fanny anali asanawaonepo amuna awo akuthamanga, ngakhale pothamangira basi. Mimba patsogolo, chipewa chitagwa, mikono ikupalasa mphepo, anapondapo pa ngodya yachitatu n'kukhota, matope akuuluka kumbuyo. M'mutu mwa nesi munkadutsa manambala a kuthamanga kwa magazi, koma pakamwa pawo pankatuluka zina.

"Thamangani, bambo a Tisunge! Thamangani, inu!"

Mpira unkabwerera. Wogwira kumbuyo wa timu inayo, bambo wonenepa wovala zotchinga pachifuwa, anaima pa ngodya yomaliza akuudikira. A Spencer anadziponya chamimba. Anatsetsereka m'matope ngati thumba la chimanga likutsika pa lole, n'kukawomba miyendo ya bambo uja, onse awiri gwa. Woyimbira anatambasula manja, kusonyeza kuti a Spencer afika bwino, chigoli chalowa. Mayi Theresa anaimba nthungululu, ulendo uno pa malo oyenera.

A Spencer anadzuka, thupi lonse matope, maso okha akuoneka. Bambo wonenepa uja sanadzuke. Anakhala pansi atagwira dzanja, ndipo chala chake chimodzi chinali chitaloza kumene chala sichiloza. Pamwamba pa diso, pamene chigoba chake cha kumaso chinamutema, magazi ankatsika kusakanikirana ndi mvula. Amuna onse aja anamuzungulira n'kumangoyang'ana. Wina anabweretsa kabokosi ka mankhwala, ndipo atakatsegula munali mapulasitala atatu ndi sizasi. Pamenepo Mayi Fanny anamva mawu a amuna awo, okweza, onyada, m'Chingelezi cha uhedimasitala:

"Musadandaule! Mkazi wanga ndi nesi!"

Mitu yonse inatembenukira ku benchi.

Mayi Fanny anatseka maso kanthawi. Loweruka limodzi m'masabata asanu. Kenako anapatsira Mayi Theresa chikwama chawo, analowa m'bwalo nsapato zikumira, n'kukagwada m'matope ndi chitenje cha ku Limbe. Anathamangitsa onse kuti apereke mpata. Anamufunsa bamboyo dzina, tsiku, ndi kumene ali, ndipo anayankha zonse bwino. Anati dzina lake ndi Percy ndipo amayendetsa thekisi. Mayi Fanny anapempha duku la Mayi Theresa n'kulipinda, kumuuza Percy kuti akanikize pa bala. Chala sanafune kuchikoka pamenepo, ngakhale amuna atatu ankapereka malangizo oti achikoke. Mayi Fanny anawayang'ana kamodzi kokha, malangizo n'kuthera pomwepo. Anachimangirira ku chinzake ndi mapulasitala aja, n'kulamula kuti wina wa galimoto apite naye kuchipatala tsopano lino, osati masewera akatha.

"Koma tatsala anthu asanu ndi atatu," anadandaula wina wa timu ya Percy.

"Mukhala asanu ndi awiri, chifukwa wina akumuperekeza," anatero Mayi Fanny.

Percy akukwera galimoto, kumwamba kunang'ambika. Kamvula ka utsi kaja kanasanduka chimvula chenicheni, chogunda pa chikontena ngati ng'oma. M'mphindi zisanu mchenga wonse uja unakokoloka, ndipo ngodya yachiwiri inayamba kuyandama. Anthu onse anathamangira mu chikontena, anthu oposa makumi awiri ndi galu, kununkha thukuta, matope ndi chikopa chonyowa. Woyimbira anasuzumira kunja, anayang'ana wotchi, n'kulengeza kuti masewera athera pomwepo. Popeza sanafike chigawo chachisanu, anatero, malamulo akuti masewerawa sawerengedwa. Adzayambiranso pa chiyambi tsiku lina.

Anthu anangogwedeza mitu n'kuyamba kulongedza. Mayi Fanny anaganiza kuti sanamve bwino.

"Bambo a Tisunge, akuti chiyani?"

"Akuti zafufutidwa," anatero a Spencer motsitsa. Kumwetulira kuja kunali kutachoka. "Ngati sitinasewere."

"Ndi chigoli chanu chija?"

"Nacho."

Mayi Fanny anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka anafika pamaso pa woyimbira uja, kamunthu kaimvi kovala magalasi a nthunzi. Anayankhula m'Chingelezi chimene amagwiritsa ntchito kwa madokotala achinyamata olemba mankhwala molakwika. Anamuuza kuti iwo akwera mabasi awiri. Anakhala maola atatu pa thabwa lonyowa. Anaona ndi maso awo munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, wa shuga, akumenyedwa ndi mpira, kuthamanga ngodya zonse, kufika, ndipo iye mwini woyimbira anatambasula manja. Munthu wina ali pa ulendo wa kuchipatala chifukwa cha chigoli chimenecho. Ndiye chala chathyoka pa masewera amene sanachitike?

Woyimbira anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati akumvetsa, ndipo ndi zachisoni, koma malamulo si iye anawalemba.

"Pepala muli nalo m'manjamo. Cholembera muli nacho. Lembani chigolicho."

Woyimbirayo anati pepalalo analemba kale, koma silipita kulikonse.

"Mayi a Tisunge," ananong'ona a Spencer, akuwakoka jekete, "zisiyeni. Ndi malamulo."

"Inu khalani chete. Malamulo anu omwewa ndi amene andiswera galasi m'khonde."

 Kenako Rowland anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira, a timu zonse ziwiri, ndipo izi zinawakwiyitsa Mayi Fanny kuposa zonse, chifukwa iwo sankachita sewero. Woyimbira sanasinthe maganizo. Anangong'amba pepala lonyowa lija mu buku lake n'kuwapatsa, ati ngati akulifuna atenge. Analandira chifukwa chosowa chochita nalo, n'kuliponya m'chikwama momwe munali nyenyeswa za mandasi.

Pobwerera, dalaivala wa basi anawayang'ana a Spencer kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuwauza kuti akwere koma asakhale pa mpando. Anaima njira yonse atagwira chitsulo, matope akuuma n'kumagwa zibenthuzibenthu, chiuno chikuwawa, akufotokozera Mayi Theresa mmene anaonera mpata pa ngodya yachitatu. Mayi Theresa ankafunsa mafunso ngati munthu woti mawa akalowa timu. Mayi Fanny anakhala pawindo, mawondo awiri a matope ataonekera pa chitenje, zala za kumapazi zosamveka.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Anadzuka ndi chimfine, mawu atatsekeka, mphuno ikuchucha. A Spencer anapita okha, akutsimphina, ndipo Mayi Theresa anali atafika kale ndi nkhani. Pofika masana foni ya Mayi Fanny inali italira kasanu ndi kawiri. Palibe amene anafunsa za chimfine. Onse ankafuna kumva ngati zinali zoona kuti anatsala pang'ono kumenya woyimbira, ndipo mayi wina anamva kuti anabwezeretsa dzanja la munthu limene linachoka. Chitenje anachichapa katatu, koma mawondo aja sanachokeretu. Nsapato zinauma n'kupindika ngati nsomba zowamba, ndipo anazitaya. Lachitatu kunafika maluwa kuchokera kwa Percy, ndi kakhadi kolembedwa ndi dzanja lamanzere, konena kuti chala chinathyokadi ndipo adokotala ayamikira amene anachimanga. Pansi pake anawonjezera kuti matimu onse awiri akufunsa ngati angamabwere sabata iliyonse, poti alibe munthu wodziwa zachipatala.

Masewera obwereza anaikidwa patapita masabata atatu. Mayi Fanny atayang'ana ndandanda ya kuntchito anapeza kuti tsikulo ali pa shifiti, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anathokoza amene amalemba ndandandayo. Anthu asanu ndi anayi a kutchalitchi anapita m'malo mwawo, motsogozedwa ndi Mayi Theresa, atanyamula mipando, maambulera ndi majombo a mphira.

Tsiku limenelo kunacha dzuwa lokhalokha, kopanda ngakhale kamtambo. Mayi Fanny ankaliona pawindo la mu wodi akusintha zofunda za odwala, anthu kunja akuyenda ndi malaya odula manja. Pa nthawi yopuma anatsegula foni n'kupeza uthenga wa mawu wa Mayi Theresa, kumbuyo kukumveka kuseka ndi nyimbo.

"Mayi Namakhwa, mwaphonya! Kuno ndiye kwabwino, tayala zitenje pa kapinga, mpaka ena akugona. Abambo apatsidwa chibonga katatu, katatu konse sanakhudze mpira, ngakhale kumenyedwa sanamenyedwe. Tagonja, akuti naintini kwa thuu. Koma aliyense akufunsa za inu. Woyimbira uja wafunsa kawiri ngati mukubwera, akuoneka kuti sakukhazikika."

Mayi Fanny anamvetsera mpaka kumapeto. Belu la pa bedi lachinayi linali litayamba kale kulira, ndipo anaika foni m'thumba n'kupita kukaona chimene agogo a pamenepo ankafuna.